Mbale ya wodwala khansa ili m'manja mwa yani?

Chaka chatha mayi anga aang'ono adawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Dzina la chipatala sinditchula, chifukwa zomwe ndidaona kumeneko si za chipatala chimodzi ayi. Gadiyani wawo adali mayi anga ondibereka, ndipo ine ntchito yanga idali ya bulu: kusenza makala, ufa, ndiwo ndi ndowa kuchokera kunyumba kukatula kukhitchini ya magadiyani. M'miyezi inayi khitchini imeneyi ndidaidziwa kuposa ofesi yomwe ndimalemberamo nkhani.

Tsiku lomwe adalandira kemo woyamba tidafunsa funso lomwe banja lililonse limafunsa: kodi azidya chiyani? Mayankho tidalandira atatu. Wina wovala zoyera adati chilichonse chomwe mtima wawo wafuna. Wina, wovalanso zoyera, adati zipatso ndi masamba osaphika asayerekeze n'komwe. Wachitatu adali mayi wina amene adali atakhalitsa pakhitchinipo, ndipo iye adatiuza monong'ona kuti shuga ndi nyama n'zimene zimanenepetsa khansa, choncho tiziwapatsa madzi a mandimu ndi phala lopanda kanthu. Lamulungu lotsatira kudafika msuweni wathu wa ku Joni atanyamula mpukutu wa poloni ndi tchizi, mphatso yachikondi yomwe idagona masiku awiri m'basi. Mayi anga adangoti kakasi, mbale ili m'manja.

Amene adatimasula adali namwino wina wachikulire wa usiku. Sadachulutse mawu. "Mayi, chakudya chikhale chophika lero ndipo adye chikadali chotentha. Madzi muziwiritsa. Poloniyo asafike pabedi pano. Thupi likatentha musadikire kuti kuche." Ine, ndi chizolowezi cha ntchito, ndidamufunsa kuti zimenezi zidalembedwa pati. Adandiyang'ana n'kuseka. "Mwana wanga, zidalembedwa m'mutu mwangamu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona amene amabwerera sabata yachiwiri akutsegula m'mimba, ndipo ndimawafunsa zomwe adadya. Koma ine adandifunsapo ndani?"

Funso limeneli ndi lomwe landikhazika pansi kuti ndilembe. Ine si dokotala, ndipo ngakhale ku yunivesite komwe ndidapita sindidatulukeko ndi pepala. Koma kufunsa ndi kuwerenga ndimatha, ndipo zomwe ndapeza n'zakuti mbale ya munthu amene ali pa kemo ndi mbali ya mankhwala ake, kuti amene amaiona mbaleyo tsiku ndi tsiku ndi namwino, ndi kuti dziko lino likuchedwa kumupatsa namwinoyo nthawi, ndalama ndi ulemu woti zomwe akuonazo azisandutse kafukufuku.

Tiyambe ndi zomwe kemo amachita m'thupi, poti ambirife timangodziwa zoti amathothola tsitsi. Mankhwalawa amalimbana ndi maselo amene amachulukana msanga. Maselo a khansa ndi otero, koma si okhawo. Oteronso ndi a tsitsi, a khungu lofewa la m'kamwa ndi la m'matumbo, komanso a m'kati mwa mafupa momwe mumapangidwa magazi. N'chifukwa chake wodwala amachita nseru, amasanza, amatuluka zilonda m'kamwa, amatsegula m'mimba, ndipo ndiwo zomwe ankazikonda zimamveka ngati akutafuna chitsulo. Koma choopsa kwambiri sichioneka ndi maso. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chilandirireni mankhwala, asilikali a m'magazi, maselo oyera aja amene amagwira tizilombo, amatsika kwambiri. Taganizani tsono: mpanda wa m'matumbo wagumuka, alonda achepa, ndipo pachipata pakudutsa chakudya katatu pa tsiku. Kachilombo komwe inu ndi ine kangatitsegule m'mimba tsiku limodzi n'kutileka, mwa iye kamalowa mpaka m'magazi. Ichi n'chifukwa chake madokotala a khansa kulikonse amanena chimodzimodzi: wodwala wa pa kemo thupi likatentha kufika madigiri 38 athamangire kuchipatala, ndipo mankhwala opha tizilombo alowe m'thupi ola limodzi lisanathe chifikireni.

Nanga masiku oopsawa wodwala wa kwathu kuno amakhala ali kuti? Ambiri amakhala atabwerera kunyumba, ku Ndirande, ku Mtandire, kapena kumudzi komwe minibasi imafika kamodzi pa tsiku. Dokotala sakuwaona. Wowateteza ndi mawu aja adauzidwa potuluka m'wodi, ngati adauzidwa, ndipo wowauza nthawi zambiri ndi namwino.

Kumaiko a anzathu anamwino adayamba kalekale kufufuza zinthu zoterezi, ndipo zina zomwe adapeza n'zodabwitsa ndi kuphweka kwake. Mu 2000 namwino wa ku San Francisco, Pulofesa Marylin Dodd, ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 200 amene adatuluka zilonda m'kamwa kaamba ka kemo. Adawagawa patatu. Ena ankachukucha m'kamwa ndi mankhwala otchedwa chlorhexidine, ena ndi msakanizo wa mankhwala atatu womwe zipatala za kumeneko zinkaukonda kwambiri, ndipo ena ndi madzi a mchere ndi soda, soda yemweyu timathira m'therere. Zilonda zidapola mofanana m'magulu onse atatu. Mchere ndi soda zidagwira ntchito ya mankhwala ogula ndi ndalama zambiri.

Funso lotere kampani yopanga mankhwala siingalifunse, chifukwa mumchere mulibe phindu. Dokotala wa khansa naye maso ake ali pa chotupa, ndipo n'zoyenera kutero. Adalifunsa ndi munthu amene amaimirira pambali pa bedi n'kumaona wodwala akukankha mbale chifukwa kumeza kukupweteka.

Nkhani ya chakudya yeniyeni ndi yotalikirapo. Kwa zaka zambiri zipatala za ku America ndi ku Ulaya zinkapatsa odwala a pa kemo mndandanda wa zoletsedwa: zipatso zosaphika ayi, saladi ayi, ndi zina zambiri. Aliyense ankaona kuti n'zanzeru, ndipo palibe amene adavutika kuti ayese ngati zimathandizadi. Mu 2008 gulu lotsogozedwa ndi namwino Alison Gardner pachipatala cha MD Anderson ku Houston lidafalitsa zomwe lidapeza pa odwala khansa ya m'magazi 153. Mwa amene ankadya zophika zokhazokha, 29 pa 100 alionse adadwala matenda aakulu a tizilombo. Mwa amene ankaloledwa zipatso ndi masamba osaphika, adadwala 35 pa 100 alionse. Kusiyana kumeneku, malinga ndi masamu a kafukufuku, kudali kochepa koti kukhoza kungobwera mwangozi, ndipo kutalika kwa moyo wa odwala m'magulu awiriwa kudali kofanana. Mu 2018 kafukufuku wina wa ana 150, wotsogozedwa ndi Dr Karen Moody, adapezanso kuti mndandanda wa zoletsedwa uja suposa malamulo wamba a ukhondo wa chakudya. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti tizilombo tambiri tomwe timadwalitsa anthuwa timachokera m'matumbo ndi pakhungu lawo lomwe, osati m'mbale. Zipatala zambiri zidayamba kumasula malamulo awo.

Koma musafulumire kuomba m'manja. Mu 2025 kafukufuku wina wa ku Florida, wa odwala khansa ya m'magazi ndi amene adaikidwa maselo atsopano a m'mafupa, adaimitsidwa asanathe chifukwa gulu lomwe lidamasulidwa pa zakudya lidayamba kudwala kwambiri kuposa linzake. Choncho ngakhale kumeneko, komwe kuli ndalama ndi makina, mlanduwu sudagamulidwe. Akufufuzabe, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Apa ndi pomwe pali vuto lathu. Odwala a mayi Gardner ankagona m'zipinda za mpweya wosefedwa, ankamweratu mankhwala oteteza ku tizilombo, ndipo apulo wawo ankatsukidwa ndi madzi a pampopi womwe suuma. Phwetekere wa mayi anga aang'ono adalimidwa m'dimba la m'mbali mwa mtsinje womwe tonse a m'tauni timaudziwa fungo lake, adayalidwa pathumba pamsika, ndipo adatsukidwa m'ndowa yomwe yatsukiridwa kale mbale za mabanja atatu. Munthu akatenga zotsatira za ku Houston n'kuuza gadiyani wa kuno kuti "zosaphika zilibe vuto," akumunamiza. Koma winanso akatenga mndandanda wakale wa zoletsedwa n'kuuwerenga kwa mayi amene m'thumba mwake muli nthochi ziwiri ndi mango basi, akumulanda wodwalayo chakudya chokhacho chomwe chikanatsika kukhosi.

Ndipotu kwathu kuno njala ndi mdani wamkulu ngati tizilombo. Izi si zongoganiza. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr Trijn Israels, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzawo a m'wodi ya ana adaonetsa mu 2009 kuti ana odwala khansa ya Burkitt amene adafika ali onyentchera ndi amene asilikali awo a m'magazi ankatsika kwambiri akalandira kemo. Gulu lomweli lidayesa kupatsa chiponde ana odwala khansa ya impso, ndipo lidakhalanso pansi ndi magadiyani kuwafunsa zomwe zimawavuta. Zomwe adatchula ndi zomwe aliyense amene adagonapo pakhonde la chipatala akuzidziwa: ndalama yoyendera, chakudya, ntchito ndi ana omwe asiyidwa kumudzi. Kafukufuku ameneyu ndi umboni woti mafunso a m'mbale akhoza kufufuzidwa konkuno, ndi anthu a konkuno, popanda makina a mamiliyoni.

Tsono tibwerere ku poloni wa msuweni wanga uja, chifukwa namwino sadamukane mwa nkhanza chabe. Ambiri a inu amene mudakhalapo ku South Africa mukukumbukira za 2017 ndi 2018. Kumeneko kudabuka mliri wa kachilombo kotchedwa Listeria, waukulu kuposa wina uliwonse wa mtunduwu womwe udalembedwapo pa dziko lapansi. Anthu 1,060 adapezeka nako ndipo 216 adamwalira. Ambiri mwa odwalawo adali makanda ongobadwa kumene amene adatengera kwa amayi awo, ndipo enawo adali amayi oyembekezera, okalamba, ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chidali chotsika kaamba ka HIV, khansa ndi matenda ena. Munthu wamphamvu amatha kudya chakudya chomwecho osamva kanthu, kapena kungotsegula m'mimba pang'ono.

Kachilomboka kali ndi makhalidwe awiri oipa. Loyamba, kamachulukana ngakhale m'firiji, momwe tizilombo tina timagona tulo. Lachiwiri, kamatha kukhala m'thupi masabata angapo kasanaonetse zizindikiro, moti pomwe munthu akudwala amakhala ataiwala kalekale zomwe adadya. Ichi n'chifukwa chake boma la kumeneko lidalengeza za mliriwu mu Disembala 2017 koma gwero lake silidadziwike msanga. Chomwe chidatsegula njira ndi ana asanu ndi anayi a pasukulu ina ya mkaka ku Soweto, amene mu Januwale 2018 adafika pachipatala cha Chris Hani Baragwanath akutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Ogwira ntchito pachipatalapo sadangowapatsa mankhwala n'kuwatulutsa. Adaona kuti ana ambiri odwala pamodzi ndiye kuti adadya chimodzi, adadziwitsa a zaumoyo, ndipo a zaumoyo adapita kusukuluko kukatenga zakudya. M'poloni mudapezeka kachilombo ka mtundu womwewo womwe unkapha anthu m'dziko lonselo. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi idalengeza kuti gwero lake ndi fakitale ya Enterprise Foods ku Polokwane. Malawi, Zambia, Mozambique ndi maiko ena oyandikana nawo adaletsa nyama zoterezi kulowa, ndipo m'masitolo a Lilongwe ndi Blantyre adazichotsa m'mashelefu.

Onani kuti ngakhale makina owerenga chibadwa cha kachilombo ndi amene adatsimikiza mlanduwu, poyambira pake padali munthu wa m'wodi amene adafunsa kuti "mwadya chiyani?" n'kulemba yankho. Funso lomwe lija la namwino wathu wa usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Soweto yankho lidali ndi kopita.

Musaganize kuti izi zimangochitika ku Africa kuno. Mu 2019 ku England odwala asanu ndi anayi adatenga Listeria kuchokera m'masangweji omwe adapatsidwa ali m'zipatala momwemo, ndipo oposa theka la iwo adamwalira. Adali anthu odwala kale matenda ena aakulu. Chakudya chomwe chidawapha chidabwera chokutidwa bwino m'pulasitiki, cholembedwa tsiku, chochokera m'firiji. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndikunena izi makamaka kwa ife a m'tauni, amene timaganiza kuti cha m'sitolo n'choyera ndipo cha pambaula n'chauve. Kwa wodwala wa pa kemo, nsima yotentha ndi nyemba zomwe zangophulidwa kumene n'zotetezeka kuposa soseji yozizira ya m'firiji yomwe magetsi ake azima kawiri chiyambireni dzulo.

Ife miliri yathu tili nayo, ndipo siifuna fakitale. Kolera yemwe adayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 adagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, woopsa kuposa wina aliyense m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa kaamba ka iye. Tayifodi naye adakula kwambiri mu Blantyre kuyambira cha mu 2011, ndipo adali wa mtundu wosamva mankhwala omwe tidazolowera, mpaka katemera wake adafika kwa ana a dziko lonse mu 2023. Matenda onsewa njira yawo ndi imodzi: madzi, manja ndi chakudya. Nthawi yonse ya miliri imeneyi anthu sadaleke kulandira kemo. Magadiyani sadaleke kutunga madzi ndi kuphika. Mwa amene adadwala, angati adali m'sabata yachiwiri ija? Adamwa madzi a kuti? Adafika kuchipatala patatha maola angati chitenthereni thupi? A unduna wa zaumoyo akafuna mayankho a mafunso amenewa, woyamba kumufunsa ndi namwino wa m'wodi ya khansa.

Ndipo odwalawo si ochepa. Khansa ya khomo la chiberekero yokha imapezeka mwa amayi oposa 4,000 chaka chilichonse m'Malawi muno, ndipo imapha pafupifupi 3,000. Tili m'gulu la maiko omwe ali pamwamba penipeni pa dziko lonse pa nthenda imeneyi. Onjezanipo khansa ya kummero, yomwe imamuletsa munthu kumeza asanayambe n'komwe mankhwala, ya Kaposi, ya m'mawere, ndi za ana. Kwa zaka zambiri amene ankafunika chithandizo chowotcha khansa ndi makina ankadikira mwayi wotumizidwa kunja, ku India kapena kumaiko oyandikana nafe, ndipo ambiri ankamwalira dzina lili pamndandanda. Tsopano makina otere adafika m'dziko muno, ndipo chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 2025 titachidikira mpaka kutopa. Tiyamike, pakuti n'chinthu chachikulu. Koma makina akachuluka ndiye kuti achulukanso amene akusanza, amene ali ndi zilonda m'kamwa, amene matumbo awo apsa. Nyumba yamangidwa. Nanga funso lija la mayi anga, loti adye chiyani, liyankhidwa ndi yani?

Ndikudziwa zomwe ena anene. Adzati anamwino ndi ochepa kale, mmodzi akuyang'anira wodi yonse usiku, ndiye inu mukufuna kuti asiye odwala azikalemba mapepala? Mawu amenewa ali ndi mutu, ndipo sindikuwanyoza. Ndidamuona ndi maso anga namwino mmodzi akuthamanga pakati pa madiripi ochuluka kuposa zala za manja ake. Koma taganizani zomwe zimachitika wodwala akabwerera ali ndi tizilombo m'magazi. Amatenga bedi kwa masiku ambiri, amafuna mankhwala odula, kemo wotsatira amachedwa, ndipo khansa siidikira. Ena sabwereranso, chifukwa banja laona kuti mankhwalawa ndi amene akumupha munthu, n'kupita naye kwa sing'anga kapena kumapemphero. Namwino mmodzi akapatulidwa masiku awiri pa sabata kuti awerenge ndi kulemba zimenezi, n'kupeza njira yochepetsera obwererawo, wapepuza ntchito ya wodi yonse. Kuchepa kwa anamwino ndiye chifukwa chenicheni chofufuzira, pakuti wosauka ndi amene sayenera kutaya mphamvu zake pa zinthu zosathandiza.

Chopinga china, chomwe sitikonda kuchitchula, ndi mwambo wa m'zipatala mwathu. Pali makwerero. Dokotala amalankhula, namwino amalemba zomwe wauzidwa, gadiyani amagwada, wodwala amavomera. Namwino amene wayerekeza kunena kuti "bwana, ine ndaona zakuti" amaonedwa ngati wamwano. Kafukufuku akabwera, nthawi zambiri amabwera ndi ndalama za kunja ndi mafunso a kunja, ndipo namwino amalembedwa ganyu yotenga magazi ndi kusainitsa mafomu. Pepala likatuluka, dzina lake mukalipeza kumapeto, pamalo othokoza, ngati lilipo n'komwe. Chikhalidwe choopa kulankhula pamaso pa akuluakulu tidachikana poyera mu 1993, koma m'mawodi ena chikadali moyo, chavala yunifolomu.

Si kuti anthu oti achite ntchitoyi palibe. Kamuzu College of Nursing idayamba kuphunzitsa anamwino mu 1979, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi College of Medicine kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko kuli anamwino a madigiri apamwamba amene akufufuza kale zinthu zosiyanasiyana. Pulofesa Address Malata, namwino ndi mzamba, adakwera mpaka kukhala mkulu wa yunivesite ya MUST ku Thyolo. A Lucy Finch, namwinonso, adabwerera kwawo n'kuyambitsa Ndi Moyo ku Salima, malo osamalira odwala matenda osachiritsika. Nzeru zilipo. Chomwe chikusowa ndi mlatho pakati pa namwino wa ku yunivesite amene amadziwa kupanga kafukufuku ndi namwino wa m'wodi amene amadziwa mafunso ofunika kufufuzidwa.

Mafunsowo sindikuchita kuwapeka, ndidawamva pakhitchini paja. Thobwa amene wodwala wa zilonda m'kamwa amatha kumeza, kodi ndi wotetezeka mpaka tsiku lachingati? Nanga chambiko? Mkute ukatenthetsedwa pambaula, umatentha mpaka mkati? Phala loikidwa m'fulasiki m'mawa, likadali labwino pofika madzulo? Nthochi, papaya ndi malalanje zomwe munthu amasenda yekha ndi manja osamba, kodi pali chifukwa choziletsera? Chiponde chosinja kunyumba, cha mtedza womwe mwina udachita chuku, tichiyese chimodzimodzi ndi cha kuchipatala? Banja likapatsidwa kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ndi nambala ya foni ya namwino, kodi limafika msanga kuchipatala? Malangizo akaperekedwa pakamwa pokha, gadiyani amakumbukira angati pakatha sabata, ndipo akaperekedwa pa pepala la zithunzi zimasintha bwanji? Palibe pulofesa wa ku Houston amene adzatiyankhire za thobwa. Ena mwa mafunsowa akufuna labotale, koma ambiri akungofuna kope, cholembera, munthu wophunzitsidwa bwino ndi miyezi ingapo.

Choncho kwa a unduna ndikuti: m'ndalama zoyendetsera chipatala cha khansa mupatulemo kagawo, ngakhale kochepa, ka kafukufuku wotsogozedwa ndi anamwino, ndipo nthawi yochitira kafukufukuyo iwerengedwe ngati ntchito, osati chinthu chochita munthu ataweruka. Khitchini ya magadiyani muione ngati mbali ya wodi, ikhale ndi mpopi wotuluka madzi, sopo ndi chimbudzi chotalikirana ndi pophikira. Wodwala wa pa kemo akabwera akutsegula m'mimba, zomwe adadya zilembedwe, ndipo zolembedwazo zifike kwa amene amalondola miliri, chifukwa anthu ofooka chonchi ndi amene amayamba kugwa chakudya choipa chikalowa m'tauni. Kwa a bungwe la anamwino la NONM ndikuti: pomenyera malipiro, zomwe n'zoyenera, menyeraninso dzina la namwino pamwamba pa pepala la kafukufuku. Ndipo zotsatira zikatuluka zisathere m'magazini a Chingerezi omwe gadiyani sadzawaona. Zibwere m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, pa pepala limodzi lomwe zipatala zonse zivomerezane, kuti banja lisamalandirenso mayankho atatu pa funso limodzi.

Inunso amene mudagwira ntchito ya unamwino ku Manchester, ku Dublin kapena ku Johannesburg n'kubwerera kumudzi, mudaona momwe anzanu kumeneko amalembera ndi kuwerengera zomwe akuona m'wodi. Luso limenelo musalisunge m'sutikesi pamodzi ndi masatifiketi. Koma pobwera nalo musabwere ndi mndandanda wa kumeneko kuti tiukope. Yambani mwakhala tsiku limodzi pakhitchini ya magadiyani.

Podikira zonsezi, amene muli ndi wodwala lero musasowe pogwira. Zomwe adatiuza namwino uja zikugwirizana ndi malamulo a ukhondo wa chakudya omwe palibe amene amawatsutsa. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike ndi musanamudyetse. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Nyama, nsomba ndi mazira zipse mpaka mkati. Mkaka wosawiritsa, poloni ndi nyama zina zozizira, komanso za pachiwaya zomwe zakhalitsa poyera, zidikire mpaka dokotala atanena kuti magazi abwerera. Mpeni ndi mbale zomwe zakhudza nyama yaiwisi zisakhudze chakudya chakupsa. Ndipo musamumane chakudya munthu chifukwa cha mphekesera zoti shuga kapena nyama zimakuza khansa. Wodwala amene akuonda ndi amene kemo amamugwetsa. Akalephera kudya zambiri, adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Za zipatso ndi masamba osaphika, funsani amene akumupatsa mankhwala, poti zimatengera mtundu wa khansa ndi mphamvu ya kemo.

Mayi anga aang'ono adamaliza mankhwala awo. Kamodzi thupi lidatentha usiku, ndipo mayi anga sadadikire kuti kuche. Tidabwereka galimoto ya mnansi. Adagonekedwa masiku asanu n'kutuluka. Pano ali kumudzi, tsitsi lamera, ndipo amabwera kudzaonedwa pa masiku omwe adawalembera. Poloni uja msuweni wanga adakwiya naye pang'ono, koma adamvetsa.

Mwezi watha ndidabwerera kuwodi kuja kuti ndikamufunse namwino uja zambiri za nkhani ino, kope lili m'manja. Anzake adandiuza kuti adapuma pantchito mu Disembala ndipo adapita kwawo. Nditafunsa ngati alipo amene adakhala naye pansi kulemba zomwe adaona m'zaka zonse zija asanachoke, mtsikana amene adali pa desiki adati adamuchitira phwando lotsanzikana, ndipo adamugulira chitenje ndi ketulo.